Kuona Maso a Nkhono: Ndemanga pa Luso la Achinyamata Ojambula Zomera ndi Nyama za Mbadwa

Chionetsero cha zojambula chimene mutu wake ndi zomera ndi nyama za m'dziko chimaika wojambula wachinyamata pa mayeso ovuta kuposa a mitu ina yambiri, chifukwa chilichonse chimene iye waika pa pepala chili ndi mwini wake wamoyo kunja kwa chipinda choonetseramo, ndipo woona aliyense angathe kuyerekeza chithunzicho ndi mwini wakeyo. Wojambula chisoni kapena ufulu satsutsika msanga, pakuti zinthu zimenezi zilibe thupi loti munthu n'kuliyeza; koma wojambula chambo amaweruzidwa ndi msodzi wa ku Mangochi amene wakalambira pa khoka, ndipo wojambula mlambe amaweruzidwa ndi mayi wa ku Chikwawa amene amadziwa nyengo imene mtengowo umayoyola masamba. Ndemanga ino ikukamba za kujambula pamanja, kaya ndi pensulo, makala, choko kapena utoto, pamodzi ndi kusema ndi kuumba, ndipo mfundo yake ndi yakuti mphamvu ya ntchito yotere imachokera m'kupenyetsetsa, kotero kuti funso loyamba loyenera kufunsidwa pamaso pa chithunzi chilichonse ndi lakuti kodi wojambulayo chinthuchi anachionadi ndi maso ake kapena anangotengera chithunzi cha munthu wina.

Mawu oti zamoyo za mbadwa akutanthauza zomera ndi nyama zimene zinapezeka m'dera mwachilengedwe, popanda munthu kuzinyamula kuchokera kwina, ndipo pakati pa zimenezi pali kagulu kapadera ka zamoyo zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi kupatula m'dera limenelo. Gulu lina ndi la zamoyo zobwera, zimene zinafika ndi amalonda, amishoni, atsamunda kapena alangizi a zaulimi ndi zankhalango. Kusiyanitsa magulu awiriwa si kwapafupi kwa mwana wa ku Malawi, chifukwa mitengo yambiri imene amaiona pabwalo la sukulu ndi yobwera: bulugamu kwawo ndi ku Australia, malaina ndi mango ndi a ku Asia, jakaranda ndi wa ku South America monganso namasupuni amene amadzaza mtsinje wa Shire, ndipo ngakhale chimanga, chimene anthu amachiyesa mwini mudzi, chinachokera ku Mexico. Lamulo loti chionetsero chilandire za mbadwa zokha silinyoza mango kapena chimanga. Phindu lake lili pa luso, pakuti limalanda wojambula zinthu zimene dzanja lake linazolowera kale, n'kumutumiza kudambo, kuphiri ndi kwa agogo ake kukafunsa kuti mbawa ndi uti, muwanga ndi uti, naphini ndi uti. Ndipo m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati ulendo umenewu umamuphunzitsa chinthu chowawa, chakuti mitengo ikuluikulu ya mbadwa yatsala makamaka m'msitu wa kumanda.

Lamulo lotere linayesedwa kale kwina. Ku United States kuli ndondomeko ya ana a sukulu yotchedwa Junior Duck Stamp, imene inayamba mu 1989 ndipo imayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire. Ana kuyambira a mkaka mpaka omaliza sekondale amajambula bakha, tsekwe kapena mbalame ina ya m'banja limeneli, koma iyenera kukhala mbadwa ya ku North America, ndipo chithunzi chopambana chimasindikizidwa pa sitampu imene ndalama zake zimathandiza maphunziro a zachilengedwe. Kuchepetsa mutu moteremu kwanola maso a ana ambiri pa kapangidwe ka nthenga ndi mapiko, koma kwaonetsanso ngozi imene mpikisano uliwonse uli nayo, yakuti zithunzi zopambana zimayamba kufanana, zosalala ngati zotola ndi kamera, chifukwa olowa mpikisano amaphunzira zokonda za oweruza kuposa momwe amaphunzirira bakha.

Wojambula wa ku Malawi sakutsegula njira yatsopano, pakuti makolo anaidutsa kale. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zimene ndi zakale kwambiri, zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, anthu amene ankakhalira kusaka ndi kutola zakutchire, pamene zoyera, zopakidwa ndi chala, ndi za Achewa olima, ndipo zambiri mwa izo zimakhudzana ndi chinamwali ndi Nyau. Pakati pa zoyerazo pamabwerabwera chithunzi cha nyama yonga buluzi kapena ng'ona, miyendo yonse inayi itatambasuka ndipo mchira ukuoneka wathunthu, monga momwe chikopa chimaonekera akachikhomera pansi kuti chiume. Wojambula wakaleyo anasankha kuiona nyamayo kuchokera pamwamba, chifukwa mbali imeneyo ndi imene imaulula thupi lake lonse, ndipo phunziro lake kwa wachinyamata wa lero ndi lakuti mbali yoonera chinthu imasankhidwa mwadala. Mabuku a sukulu anazoloweretsa ana kuona nyama iliyonse cha m'nthiti, mutu kumanzere mchira kumanja, pamene kamba, chule, nkhanu ndi gulugufe amadziwika bwino akaonedwa kuchokera pamwamba, ndipo kadzidzi amadziwika akayang'anizana ndi woona maso ndi maso.

Chilema chachikulu cha zojambula za achinyamata pa mutu umenewu ndi chizolowezi cha dzanja, kutanthauza kujambula chizindikiro cha chinthu m'malo mwa chinthucho. Mtengo umakhala thunthu lowongoka lokhala ndi mtambo wobiriwira pamwamba, mbalame imakhala mizere iwiri yokhota, nsomba imakhala tsamba lokhala ndi mchira. Wachinyamata akakula pang'ono amasiya zizindikiro za ubwana n'kutenga zizindikiro za msika wa alendo, kumene kumagulitsidwa dzuwa lofiira lolowa kumbuyo kwa mtengo waphanthiphanthi, njovu yakuda ikudutsa kutsogolo, ndi kadyamsonga wa khosi lalitali, nyama imene ku Malawi ikupezeka m'malo ochepa otetezedwa monga Majete, kumene inabweretsedwa mu 2018. Ogulitsa zithunzi zimenezi ali ndi chifukwa chomveka, pakuti amadyetsa mabanja awo ndi zimene mlendo akufuna, koma chithunzi chotere chingagulitsidwe ku Nairobi kapena ku Livingstone popanda kusintha kanthu, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti sichinachokere pa malo aliwonse enieni. Vutoli si la ana okha. Mu 1515 katswiri wa ku Germany, Albrecht Dürer, anajambula chipembere chimene chinafika ku Lisbon kuchokera ku India popanda iye kuchiona, akudalira kalata ndi kachithunzi ka munthu wina, ndipo anachiveka khungu longa zovala zachitsulo za asilikali akale n'kuchiwonjezera kanyanga pamsana. Anthu a ku Ulaya anakopera cholakwacho zaka zoposa mazana awiri. Dürer yemweyo, pojambula kalulu mu 1502 ndi kachigamba ka udzu mu 1503, zinthu zimene akanatha kuziona pafupi, anasiya ntchito imene ubweya ndi tsamba lililonse zili m'malo mwake.

Masiku ano kalata ya Dürer yalowedwa m'malo ndi foni. Wachinyamata wofuna kujambula nkhwazi, mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko la Malawi, akafufuza pa intaneti angathe kugwa pa chiwombankhanga cha ku America, chimene chilinso ndi mutu woyera ndi mchira woyera, n'kuchikopera mosazindikira. Komatu nkhwazi kuyera kwake kumatsika mpaka pachifuwa, mimba ndi mapewa n'zofiirira ngati dothi la katondo, mapiko ndi akuda, ndipo mlomo wake ndi wachikasu patsinde koma wakuda kunsonga, pamene mbalame ya ku America ili ndi chifuwa chodera ndi mlomo wachikasu wonse. Njovu nayo imasokonezedwa chimodzimodzi: ya ku Africa ili ndi makutu aakulu, msana wolowa pakati ndi timilomo tiwiri kunsonga kwa chitamba, pamene ya ku Asia ili ndi makutu aang'ono, msana wotukuka ndi kamlomo kamodzi. Mlendo wodutsa m'chionetsero mwina sangazione zolakwa zimenezi, koma mwana wa ku Nkhata Bay amene amadzuka ndi kulira kwa nkhwazi amaona msanga kuti mbalame yapakhomayo si ya kunyanja.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ukufotokoza bwino kagwiridwe ka ntchito imeneyi, pakuti maso a nkhono ya kumtunda ali kunsonga kwa tinyanga take tiwiri titalititali, ndipo nkhonoyo imatibweza ikangomva kugwedezeka. Chida chachikulu cha wojambula zamoyo ndi zojambula zoyeserera, kutanthauza timizere tachangu tojambulidwa pamaso pa chinthu chenicheni, tosafuna kukongola, tongofuna kugwira mlingo wa ziwalo, kaimidwe ndi kayendedwe. Mlingo wa ziwalo ndi ubale wa kukula kwa chiwalo china ndi chinzake, monga kuti mutu ungalowe kangati m'thupi, kapena kuti mwendo ndi wautali motani poyerekeza ndi kuya kwa chifuwa. Wochita zimenezi kwa masabata angapo amatulukira yekha zinthu zimene buku likanamuuza koma osazimvetsa. Amaona kuti chimene ambiri amachiyesa bondo lopindikira kumbuyo pa mwendo wakumbuyo wa gwape ndi chidendene, chifukwa nyama za ziboda zimaponda ndi nsonga za zala ndipo bondo lenileni lili m'mwamba pafupi ndi mimba. Amaonanso kuti kakowa naye ali chimodzimodzi. Popeza gwape sadikira munthu, wojambula wanzeru amaphunzirira pa mbuzi yomangidwa pachikhomo, pa mphaka wogona pakhonde ndi pa nkhuku yopalasa, kenako n'kutengera chidziwitso cha mafupa ndi mfundo kwa mbawala, kambuku ndi nkhanga, zimene angazione kwa kanthawi kochepa chabe.

Zomera sizithawa, ndipo pa chifukwa chimenechi n'zimene zimaulula kwambiri ngati wojambula anadekha kapena ayi. Mtengo uliwonse uli ndi kagawidwe kake ka nthambi, khungwa lake, kaikidwe kake ka masamba ndi nyengo zake, ndipo chimodzi mwa zimenezi chikalakwika chithunzicho chimasanduka cha mtengo wopanda dzina. Msangu ndi mayeso abwino koposa, chifukwa umachita zosiyana ndi mitengo inzake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja mvula ikugwa, n'kuphuka m'chilimwe kukauma, ndipo n'chifukwa chake alimi a m'mbali mwa nyanja amausiya m'munda, pakuti suphimba chimanga. Wojambula amene waika msangu wa masamba othithikana pamwamba pa chimanga chobiriwira wadziulula kuti mundawo sanaime m'menemo. Nkhalango za miombo zimanyenganso wongoganizira, chifukwa kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, mvula isanagwe, mombo ndi mitengo inzake imatulutsa masamba anthete ofiira, ofiirira ndi achikasu, amene amabiriwira pambuyo pake, kotero kuti phiri lofiira pansi pa thambo la utsi wa lupsa ndi chithunzi choona kuposa phiri lobiriwira. Mlambe uli ndi tsamba logawika ngati zala za dzanja ndi duwa loyera lolendewera pansi, limene limatseguka madzulo n'kukopa mileme. Mlombwa uli ndi chipatso chozungulira chaphanthi, cha phiko m'mbali ndi minga pakati, chimene chimatsalira pa mtengo masamba atatha. Chitimbe chili ndi tsamba logawika pawiri ngati phazi la ng'ombe. Muwale umachita maluwa ofiira nthambi zili mbee. Chilichonse mwa zimenezi chingadzaze pepala lonse pachokha, ndipo nthambi imodzi yojambulidwa mokhulupirika imaposa nkhalango yonse yongopeka.

Nkhani ya kubiriwira ikufunika kuimirapo. Kabokosi ka utoto ka mwana wa sukulu kamakhala ndi wobiriwira mmodzi kapena awiri, ndipo chiyeso n'chakuti apake utoto womwewo pa tsamba lililonse. Koma tsamba la msuku ndi lochindikala, lobiriwira moderapo, la naphini limatuwa ngati lawazidwa siliva, la msangu limapita ku phulusa, ndipo udzu wa kudambo umasintha kuchokera ku wobiriwira wa madzi kufika ku wachikasu wa tsekera miyezi ikamapita. Wojambula amapeza kusiyana kumeneku posakaniza wobiriwira ndi kofiira pang'ono kuti aderepo, ndi wachikasu kuti awale, kapena ndi woyera ndi kakuda kuti atuwe, ndipo kuyesa kumachitika pa kapepala kena kogundanitsidwa ndi tsamba lenilenilo. Wowerenga bwino chithunzi amazindikira msanga wachinyamata amene wayamba kusakaniza, pakuti mitengo yake imasiyana ngakhale woona ataimira patali.

Mkungudza wa ku Mulanje ukubweretsa funso lina, lovuta, limene luso lokha silingaliyankhe. Mtengo umenewu, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo unadulidwa kwambiri chifukwa matabwa ake ndi onunkhira komanso osadyedwa ndi chiswe, mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Tanthauzo lake kwa wojambula wa zaka khumi ndi zisanu ndi lakuti mkungudza wamtali, wa thunthu lalikulu, angauone makamaka pa zithunzi zakale, pamene umene angaukhudze ndi mbande ya ku nazale kapena kamtengo kodzalidwa posachedwa. Mbandeyo ndi yosiyana ndi kholo lake, chifukwa masamba a mkungudza waung'ono ndi osongoka ngati singano, pamene a waukulu ndi timamba tating'ono tomatirira ku nthambi. Wosadziwa zimenezi amajambula paini, mtengo wobwera wa ku Mexico umene unafalikira pa phiri lomwelo, n'kulemba pansi pake dzina la mkungudza. Pakati pa njira ziwiri, kukopera chithunzi chakale cha mtengo waukulu kapena kujambula mbande ili m'chubu chake chakuda, yachiwiriyo ndi yolemera kwambiri, chifukwa ikunena zoona za nthawi ya wojambulayo, ndipo woona amene akudziwa mbiri ya phirilo safunikira mawu ena owonjezera.

Nsomba za m'nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere ndipo mbali yake ya ku Cape Maclear inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984, zili ndi vuto lawolawo la utoto. Mbuna, tinsomba ta m'miyala, zimawala ndi mizere yamtambo, yachikasu ndi yakuda zili m'madzi, koma kuwalako kumazilala zikangofa, kotero kuti wojambula ayenera kusankha poyera ngati akujambula nsomba yamoyo kapena ya pamsika, ndipo asasakanize ziwirizi. Nsomba ya pathandala kapena ya m'beseni ndi mutu wolemekezeka, malinga diso lake, mamba ake ndi kupindika kwake zikhale za nsomba yakufa. Kapangidwe ka thupi kali ndi malamulo ake: chambo ndi mbuna zili ndi chipsepse chimodzi chachitali pamsana, cha minga kutsogolo ndi chofewa kumbuyo, zamphongo zambiri za mbuna zili ndi timadontho tachikasu tonga mazira pa chipsepse cha kunsi chakumchira, kampango ndi mlamba alibe mamba koma ali ndi ndevu, usipa ndi wowonda, wonyezimira. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo wachinyamata amene angajambule kukhosi kwake kotupa ndi tiana tikubwerera m'kamwamo waonetsa khalidwe la nyamayo, chimene ndi chapamwamba kuposa kuonetsa maonekedwe okha.

Zionetsero zambiri zimadzaza ndi njovu, mkango ndi mvuu, pamene zamoyo zazing'ono, zimene mwana angathe kuzipenya tsiku lonse, zimasowa pakhoma. Nanzikambe, amene ena amati bilimankhwe, ndi mphunzitsi wabwino wa wojambula chifukwa amayenda pang'onopang'ono, zala zake zimagwirana m'magulu awiri, ziwiri mbali ina zitatu mbali ina, ndipo diso lililonse limatembenuka palokha. Anthu ambiri amamuopa, ngakhale kuti ali pakati penipeni pa nthano za chiyambi cha anthu ku Kaphirintiwa, ndipo dzina lake la Chichewa linalowa m'sayansi mu 2006 pamene akatswiri anatcha gulu lina la nyamazi, limene mtundu wake woyamba ndi wa ku Mulanje, kuti Nadzikambia. M'tinkhalango totsala ta ku Malawi Hills, m'boma la Nsanje, muli kananzikambe kotalika ngati chala cha munthu, kamene kwawo ndi kumeneko kokha ndipo kali pangozi yaikulu yotheratu. Pojambula zazing'ono zotere pamafunika nzeru ya kayalidwe, kutanthauza momwe zinthu zaikidwira pa pepala: kanyama kakang'ono kojambulidwa mokula, pakati pa malo opanda kanthu, kamakakamiza woona kuima, pamene kakaponyedwa pakona pa chithunzi chodzaza mapiri, nyumba ndi dzuwa kamatayika. Achinyamata ambiri amaopa kusiya pepala loyera poganiza kuti oweruza aziyesa ulesi, koma malo opanda kanthuwo ndi amene amapatsa chojambulidwacho mpweya.

Chilema chachiwiri chimachokera ku mtima wabwino. Makalabu a zachilengedwe a m'masukulu, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe mizu yake ndi ya mu 1947, lakhala likuwalimbikitsa, aphunzitsa ana ambiri kukonda nkhalango, ndipo ntchito imeneyi ndi yotamandika. Koma mpikisano ukatsamira pa uthenga, zojambula zimasanduka zikwangwani: mbali ina munthu wa nkhwangwa ndi mtengo wolira misozi, mbali ina mudzi wosangalala, pamwamba mawu akuluakulu olangiza. Chikwangwani chili ndi ntchito yake m'mbali mwa msewu, koma chimawerengedwa kamodzi n'kuiwalika, ndipo mtengo wake nthawi zambiri ndi uja wopanda dzina. Chithunzi cha ngaka chimene chagwira kasanjikidwe ka mamba ake, ndi kayendedwe kake ka miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itanyamuka ndipo mchira ukulinganiza thupi, chimateteza nyamayo kuposa mawu, chifukwa chimachititsa woona kuidziwa ngati chamoyo chimene chili ndi makhalidwe akeake.

Za zipangizo sizifuna mawu ambiri. Utoto wa mafuta ndi chinsalu chojambulapo ndi zodula, ndipo chionetsero chimene chimakondera zimenezi chimakhala chikupereka mphotho ku thumba la makolo. Kachidutswa ka khala la pambaula kamatulutsa mdima ndi kuwala kokwanira khungu la njovu, bolopeni imagwira bwino mitsempha ya tsamba ndi mawanga a nkhanga, dothi lofiira, loyera ndi lakuda limene amayi amakongoletsera makoma ndi utoto weniweni, ndipo mwana amene anaumbapo ng'ombe zadothi kudambo ali kale ndi chiyambi cha kuumba mvuu. Pa kusema pokha pali chenjezo: chiboliboli cha njovu chosemedwa pa phingo kapena mlombwa wodulidwa mwakuba chimatsutsa cholinga cha chionetserocho, ndipo okonza ali ndi ufulu wofunsa kumene mtengowo unachokera.

Zonsezi sizikutanthauza kuti chithunzi chabwino ndi chofanana ndi chotola ndi kamera. Pali kusiyana pakati pa kupotoza kochokera m'kusadziwa ndi kupotoza kochokera m'kudziwa, ndipo mwambo wa Achewa uli ndi umboni wake. Popanda kulowa m'zinsinsi za kudambwe, zimene malo ake si m'ndemanga ngati ino, aliyense amene anaonapo kasiyamaliro wa Nyau pabwalo akudziwa kuti maonekedwe ake ndi a nyama ya nyanga ya kutchire, ndipo amazindikirika patali chifukwa cha mzere wa msana, khosi ndi mutu, ngakhale kuti zina zonse zachepetsedwa kapena kukuzidwa mwadala. Osema a ku Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, aonetsanso kuti nyama ingathe kulukidwa pamodzi ndi anthu ndi nthano pa thabwa limodzi popanda kutaya chibadwa chake. Wachinyamata ali ndi ufulu wotalikitsa khosi la kakowa kapena wopaka mlambe utoto wa usiku, malinga woona athe kumva kuti wasankha kutero akudziwa momwe chinthucho chilili. Kwa ana aang'ono muyeso uyenera kufewa, chifukwa dzanja la mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri silinakhwime. Koma ngakhale pa msinkhu umenewo kupenya kumaoneka, monga pamene mwana waika maso a nkhono kunsonga kwa tinyanga m'malo mowaika pankhope ngati a munthu.

Kuonetsa zojambula nakonso ndi luso, ndipo chionetsero chingathe kumanga kapena kugumula zimene ojambula achita. Zithunzi zopachikidwa mothithikana kuyambira pansi mpaka kudenga zimaphana, ndipo za ana zikapachikidwa pa msinkhu wa maso a akuluakulu eni ake sazionanso bwino. Kusanja zithunzi potsata malo okhala zamoyozo, za kunyanja pamodzi, za kudambo pamodzi, za m'miombo ndi za pamwamba pa phiri monga Nyika ndi Mulanje pazokha, kumathandiza woona kumvetsa dziko kuposa kusanja potsata sukulu kapena kalasi. Kapepala ka pansi pa chithunzi kayenera kutchula dzina la chamoyocho m'chiyankhulo cha kwawo kwa wojambula, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena kapena Chitonga, kenako dzina la sayansi, malo ndi mwezi umene anachiona, chifukwa mayina a mitengo ndi mbalame amafa limodzi ndi nkhalango, ndipo chionetsero ndi mpata wowabwezera m'kamwa mwa ana. Gulu la oweruza likhale ndi katswiri wa zojambula, komanso munthu wodziwa zamoyozo mwa ntchito yake, monga msodzi, mlonda wa nkhalango kapena wodziwa zitsamba, pakuti woyambayo amaona kayalidwe ndi utoto pamene winayo amaona ngati tsambalo ndi la mtengo umene watchulidwa. Oweruza otere amazindikiranso dzanja la mphunzitsi kapena la kholo likalowerera, chinthu chimene chimalanda mwana phindu lonse la ntchitoyo.

Pempho kwa aphunzitsi a zaluso ndi kwa onse okonza zionetsero zotere ndi lakuti wojambula aliyense aziloledwa, ndiponso azifunsidwa, kupachika mapepala ake oyeserera pambali pa chithunzi chomalizidwa, ngakhale akhale odetsedwa ndi dothi kapena ong'ambidwa m'kope la masamu, ndipo kuti pamene oweruza agawanika pakati pa mkango wosalala wotengedwa pa foni ndi nthambi ya chitimbe yokhotakhota yojambulidwa pansi pa mtengo wake, mphotho yoyamba ipite kwa mwini nthambi ya chitimbe.